Ma logline a Lachitatu: wa kabaza wa ku Ndirande, bambo "wakufa" wa ku Chilobwe ndi ulendo wa ku Joni

Chikondi (woyang'anira gulu la olemba mafilimu): Mwaswera bwanji nonse. Lero ndi tsiku la ma logline, ndipo atumiza ndi atatu: a Yamikani, a Thoko ndi Che Jafali. Kwa amene mwangolowa kumene, logline ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri zonena kuti filimu ndi ya ndani, munthuyo akufuna chiyani, ndipo chikumutchinga n'chiyani. Synopsis, chidule cha nkhani yonse cha masamba atatu, musungire tsiku lina. Tiyambe ndi a Yamikani, ndipo chonde timalize wawo tisanalumphire kwa ena.

Yamikani: Zikomo achemwali. Wanga ndi uwu: "Filimu yoonetsa mavuto amene achinyamata a m'tauni akukumana nawo monga ulova, mowa ndi juga ya mpira, ndipo ikuphunzitsa kuti munthu asataye mtima chifukwa mawa kuli kuwala."

Gift: Iyi ndiye tinaionera kale kambirimbiri. Tipite kwa wina.

Chikondi: A Gift, pano sitiyankha choncho. Ngati simunakopeke nayo, nenani pamene mtima wanu wachokera ndi chifukwa chake. "Tinaionera kale" munthu sangapite nayo kunyumba n'kukakonza kanthu.

Gift: Chabwino. Mtima wanga wachokera pa mawu akuti "yoonetsa mavuto". Ndikangomva zimenezo ndimadziwa kuti kukubwera sewero la bungwe, lija kumapeto amatulukira mlangizi wovala tisheti ya pulojekiti n'kuyamba kulalikira.

Bambo Nkhoma: Mwana wanga Yamikani, a Gift anena mokalipa koma pomwe aloza m'pomwepo. Ndawerenga chiganizo chako katatu kufunafuna munthu woti ndimutsatire, sindinamupeze. Ndapeza "achinyamata", ndapeza ulova, mowa, juga. Izi ndi mitu ya msonkhano. Zili ngati minibasi yodzaza katundu pa siteji ya ku Limbe koma dalaivala palibe, kaya ikupita kuti sitikudziwa. Ndiuze za mnyamata mmodzi. Amakhala kuti, amadya chiyani, wadzuka lero akufuna chiyani chimene akapanda kuchipeza pofika madzulo zinthu zimuipira? Za phunzirozo usade nazo nkhawa. Nkhani ikakhala yoona, woonera amalitola yekha phunziro, ndipo nthawi zambiri amatola lina losiyana ndi limene iwe unkaganiza.

Yamikani: Munthu alipo bambo, ndimangoona ngati mu logline safunika kutchulidwa. Ndi mnyamata wa kabaza ya njinga yamoto, amakhala ku Ndirande. Njingayo si yake, ndi ya bwana wina amene amafuna ndalama yake tsiku ndi tsiku. Ndalama ya bwanayo mnyamatayu wakhala akuitchovera pa mpira.

Tadala: Aaa, ndiye munabisiranji zimenezi? Apa ndiye pali filimu. Ine ndinganene kuti njinga ibedwe usiku, kenako azindikire kuti waba ndi mchimwene wake, kenako mchimweneyo akhale kuti ali m'gulu la zigawenga za ku Mbayani, kenako mtsikana wake akhale mwana wa bwana uja. Kumapeto njinga ipezeke ku Mozambique.

Mphatso: Kkkk a Tadala mwalemba filimu yanu pa nsana pa mnzanu.

Tadala: Ndikungothandiza aise.

Bambo Nkhoma: Kuthandiza kwa mtundu umenewu kumapha nkhani zambiri, a Tadala. Mwini wake sananene kuti njinga yabedwa. Wanena kuti mnyamata akudya ndalama ya bwana. Mdani wake ali m'thumba mwake momwe, pa foni. Mukabweretsa zigawenga ndi Mozambique mwachotsa mlandu pa mnyamatayo n'kuupereka kwa anthu akunja, ndipo nkhani ya Yamikani yathera pomwepo. Ife ntchito yathu n'kufunsa mafunso amene amufikitse kumene iye akupita. Ndiye ndikufunsa: Yamikani, ngongole yafika pati, ndipo bwanayo wapereka tsiku?

Yamikani: Sindinaganize za tsiku. Koma pali pangano lija ambiri amachita, kuti ukalipira mokhulupirika kwa miyezi yakutiyakuti njinga imakhala yako. Iyeyo watsala ndi sabata imodzi kuti amalize, koma ali ndi ngongole ya masabata atatu imene wakhala akubisa ponama kuti njinga inali kwa makaniko.

Mphatso: Eya! Tsopano ndayamba kumuopera. Watsala pang'ono kukhala ndi njinga yakeyake, ndipo wadzikumbira yekha dzenje. Chimene ndikufuna kudziwa ine ndi chakuti achita chiyani m'sabata imeneyi. Chifukwa akangokhala n'kumadandaula, tionera munthu akuyang'ana foni kwa ola ndi theka.

Yamikani: Aganiza zoyamba kunyamula anthu usiku, nthawi imene anzake amakana chifukwa cha achifwamba. Ndipo pali kasitomala wina amene amalipira bwino kwambiri koma safuna kufunsidwa kuti m'chikwama muli chiyani.

Che Jafali: Basi lembani zimenezo achimwene. Zili kale m'manja mwanu.

Yamikani: Ndayesa: "Mnyamata wa kabaza wa ku Ndirande, amene watsala ndi sabata imodzi kuti njinga ya bwana wake ikhale yake, wadya ndalama za masabata atatu pa juga ya mpira. Pofuna kubweza bwana asanadziwe, avomera kumanyamula usiku kasitomala wolipira bwino amene katundu wake safunsidwa."

Gift: Iyi ndingaonere. Koma "katundu wake safunsidwa" ndi chamba basi, aliyense wadziwa kale.

Thoko: Mwina si chamba. Kwa ine kusadziwako ndi kumene kukundikoka. Ndingoti mawu akuti "avomera" ndi ofooka pang'ono, akuoneka ngati zinthu zikungomuchitikira. Bwanji akhale iyeyo amene akupita kukamufuna kasitomalayo, podziwa kuti anzake onse anamukana?

Yamikani: Zoona, zikusintha munthuyo. Ndazitenga.

Chikondi: A Yamikani mukabwerenso nayo sabata yamawa. Funso limene mupite nalo: mukudziwa inuyo chimene chili m'chikwamamo? Mu logline simukuyenera kutiuza, koma wolemba ayenera kudziwa. A Thoko, bwalo ndi lanu.

Thoko: Wanga ndikuuopa pang'ono chifukwa ukukhudza za Freddy. "Namondwe wa Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023, bambo wina womira mu ngongole ya katapila aona dzina lake pa mndandanda wa anthu osowa, ndipo asankha kukhalabe wakufa. Koma wakatapila uja atembenukira kwa mkazi wake amene ali pa msasa ndi ana awiri."

Mphatso: Mayo ine. Thupi langa lachita tsemwe.

Gift: Apa ndilibe chonyoza. Ingondiuzani tsiku loonetsa.

Tadala: Lingaliro ndi lamphamvu, koma ndilankhule ngati munthu amene amakhala pa kompyuta kudula zithunzi. Matope otsika m'phiri la Soche mudzawajambula bwanji? Miyala ija inali yaikulu kuposa galimoto. Ndi bajeti zathu zino mudzathira madzi a mu ndowa pa kamera, anthu adzaseka, ndipo ndi nkhani yosayenera kusekedwa.

Thoko: Sindikufuna kuonetsa phiri likugumuka. Filimu iyambe m'mawa wake, mvula ikadagwabe, anthu akukumba ndi makasu. Zambiri zichitikire pa msasa wa pa sukulu, m'kalasi momwe mabanja akugona mothithikana, ndi kumene bamboyo akubisala.

Tadala: Ndiye zili bwino. Kalasi, mabulangete, ndowa zapulasitiki, mzere wa phala. Zimenezo tingakwanitse. Phokoso la usiku ujawo lingamveke pa mdima popanda kuonetsa kanthu, amene analiko amati linkamveka ngati ndege.

Bambo Nkhoma: Mayi Thoko, logline yanu ili ndi chimene ambiri timachisowa, munthu wochita chinthu choipa pa chifukwa chimene tonse tikuchimvetsa. Koma ndili ndi funso limodzi lalikulu. Filimuyi ndi ya ndani? Chiganizo choyamba chikuti ndi ya bambo. Chachiwiri chikundikokera kwa mayi. Ndipo kunena zoona, bambo akangosankha kubisala, ntchito yake yatha, watsala ndi kusuzumira pa mpanda. Amene ali pa moto ndi mkazi: akulira maliro opanda mtembo, akudyetsa ana, akukumana ndi wakatapila, mwinanso achibale a mwamuna ayamba kale kufunsa za poloti. Mukasankha bambo, mutipatse chimene akuchita tsiku ndi tsiku. Mukasankha mayi, chinsinsi chija chikhala bomba limene ife oonera tikulidziwa koma iye sakulidziwa.

Thoko: Apa mwandigwira. Ndinayamba ndi bambo chifukwa lingaliro linabwera choncho, koma masamba amene ndalemba kale ambiri ndi a mayi.

Che Jafali: Ine ndikutsutsana nawo pang'ono a Nkhoma. Nkhani ya mayi wovutika ndi ana taiona kwambiri, ndipo nthawi zonse amakhala woyera ngati mngelo. Munthu woonera maliro ake omwe ali chapatali, kumva zimene anthu akunena za iye, kuona mkazi wake akulandira chipepeso m'dzina lake, ameneyo sindinamuonepo pa kanema wa kuno. Tsiku lililonse limene akuchedwa kubwerera, kubwererako kukukulirakulira mtengo. Poyamba akanangoti ndinali ku chipatala. Pakatha mwezi anena chiyani?

Mphatso: Nanga mayiyo atadziwa pakati pa filimu, n'kusankha kusunga chinsinsi chifukwa thandizo la amasiye likubwera? Apo ndiye sakhalanso mngelo.

Chikondi: A Mphatso, samalani, mwayamba kuyenda njira ya a Tadala kkk.

Mphatso: Ndafunsa ngati funso achemwali, mwini wake akhoza kulitaya.

Thoko: Ayi, limenelo silitayidwa. Linalipo kale m'mutu mwanga koma ndimaopa kuti anthu adzati ndikunyoza amene anavutika.

Bambo Nkhoma: Manthawo ndi oyenera, musawataye. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno ndi namondwe ameneyu, boma linalengeza masiku 14 a maliro, ndipo mpaka lero alipo mabanja ku Chilobwe ndi ku Manja amene sanaike m'manda abale awo chifukwa matupi sanapezeke. Wina amene mwamuna wake anasowadi adzakhala mu holo kuonera. Sindikuti musalembe. Ndikuti pa msasapo pakhale anthu ena amene imfa zawo ndi zenizeni, kuti bodza la banja ili lilemere poyerekeza ndi chisoni cha anzawo. Ndipo musanajambule, kakhaleni pansi ndi anthu a kumeneko, mafumu ndi amene ankayendetsa misasa. Osatenga dzina kapena nkhani ya banja lenileni.

Gift: Funso langa ndi la kalembedwe. Mu logline timaulula mathero kapena ayi? Chifukwa ine ndikufuna kudziwa ngati abwerera.

Chikondi: Kufuna kudziwako ndiye ntchito ya logline, a Gift. Mathero amapita mu synopsis, imene wopereka ndalama kapena director amawerenga akakopeka. Koma kusaulula mathero n'kosiyana ndi kubisa nkhani. Ena amalemba kuti "kenako chinachitika chimene sanachiyembekezere". Pamenepo simunatiuze kanthu. Taonani filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019 ija, ya William Kamkwamba wa ku Kasungu. Aliyense ankadziwa kuti makina a mphepo adzazungulira, dzina lomwe likunena. Anthu anaonerabe chifukwa cha zotchinga: njala, kuchotsedwa sukulu chifukwa cha fizi, ndi bambo amene sakufuna kupereka njinga yake yokhayo kuti iduliwe.

Thoko: Ndipita ndikalembe mitundu iwiri, wina wa bambo wina wa mayi, ndidzaone umene ukundipatsa zochitika zambiri.

Mphatso: Ndisanaiwale, ndili ndi nkhawa ina. Gulu lino lili ndi anthu ambiri amene sayankhula, amangowerenga. Lingaliro ngati la a Thoko wina akhoza kulitenga mawa n'kukajambula. Zinandichitikirapo ine, ndinafotokozera anthu ena nkhani pa mowa, patapita nthawi ndinaiona pa YouTube mayina okha atasintha.

Che Jafali: Pepani achimwene, koma lamulo silingakuthandizeni pa nkhani yofotokoza pakamwa. Lamulo la kukopera la 2016 limateteza chimene chalembedwa kapena kujambulidwa, osati lingaliro lokha. "Munthu wonamizira kufa" aliyense akhoza kulemba. Script yanu, ndi anthu anu ndi mawu anu, imeneyo ndiye yanu. Choncho lembani, sungani makope okhala ndi madeti, dzitumizireni pa imelo, ndipo mukamaliza pitani ku COSOMA, bungwe loteteza ntchito za olemba ndi oimba, mukalembetse. Musanapereke script yonse kwa munthu, pakhale pepala losainirana.

Tadala: Komanso kunena zoona, kuno vuto lathu si kuba malingaliro. Ma hard drive athu adzaza ndi mafilimu osamaliza. Wakuba lingaliro ayenerabe kupeza kamera, mafuta a galimoto, chakudya cha osewera ndi munthu wa sound amene sadzathawa tsiku lachitatu.

Chikondi: Amene sakumasuka akhoza kutumiza kwa ine, ndidzapereke kwa anthu atatu okha. Che Jafali, tsekerani tsikuli.

Che Jafali: Wanga ndi wakale, wa nthawi ya agogo. "Mu 1974, mnyamata wa ku Chiradzulu amene wagulitsa mbuzi zonse za amayi ake kuti apite ku migodi ya ku Joni afika pa Wenela mu Blantyre n'kupeza kuti Kamuzu waletsa ulendowo. Poopa kubwerera kumudzi chimanjamanja, ayamba ulendo wa selefu wapansi kudzera ku Tete kumene kuli nkhondo."

Yamikani: Analetsa chifukwa chiyani? Ine Wenela ndimangoidziwa ngati depoti ya mabasi.

Che Jafali: Wenela linali bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela imene inkabweretsa anthu kuchokera ku migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 anafa. Kamuzu anaimitsa kulemba anthu ntchito za ku migodi, pamene nthawi imeneyo Amalawi oposa 100,000 anali kumeneko. Zinadzayambiranso mu 1977. Amene sankadutsa ku Wenela ankapita paokha, ndiwo a selefu. Agogo anga aamuna ankasimba za anzawo amene anayenda choncho.

Bambo Nkhoma: Nthawi imeneyo ndinali mnyamata wa sukulu, ndipo ndikukumbukira mmene midzi inakhalira anthu atayamba kubwerako ndi masutikesi, mawailesi ndi njinga. Logline iyi yakwana, Che Jafali. Munthu alipo, chimene wataya chilipo, manyazi amene akumukankha ndi oona, njira ndi yoopsa. Chimene chikundisowa ndi munthu wachiwiri. Ulendo wa munthu mmodzi m'tchire ulibe woyankhula naye. Ayenda ndi ndani? Ndipo mbuzizo anagulitsa amayi akudziwa kapena anaba? Yankho la funso limeneli lisintha filimu yonse.

Che Jafali: Anagulitsa amayi ali ku maliro kumudzi wina. Woyenda naye ndi mkulu wina amene anakhalako ku Joni zaka zambiri, akudwala chifuwa cha m'migodi, ndipo akubwerera chifukwa anasiyako mkazi ndi mwana amene kwawo kuno sakuwadziwa.

Thoko: Mkuluyo alowe mu logline. Wina akuthawa kwawo, wina akubwerera kwawo kwachiwiri, njira imodzi. Ndipo muike kuti mbuzi anagulitsa mobisa, mawu amodzi okha koma akundiuza kuti mnyamatayu ndi wotani.

Tadala: Ine ndibwerenso ndi za ndalama, mundikhululukire. Chaka cha 1974 ndi chodula. Pa Wenela lero pali zikwangwani za Airtel ndi TNM paliponse, ma Sienta, anthu ali pa foni. Mufunika basi yakale, mayunifolomu a apayoniya, a Youth League ofunsa makadi a chipani pa msika, asilikali a Chipwitikizi. Azimayi onse m'madiresi aatali ndi zitenje chifukwa lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa mathalauza ndi masiketi aafupi, amuna tsitsi lalifupi. Wosewera mmodzi akangoonekera ndi ma dreadlocks kapena nsapato za masiku ano, basi mwagwa.

Gift: Ndiye asalembe chifukwa tilibe basi yakale?

Tadala: Sindinatero. Ndikuti adziwe chimene akulemba. Ubwino wake, akangotuluka m'tauni, tchire la ku Mwanza ndi Neno silinasinthe kwenikweni, anthu awiri ndi kathumba basi. Za mu Blantyre zikhale zochepa, mkati mwa ofesi imodzi ndi pa geti, kamera ili pafupi ndi nkhope.

Bambo Nkhoma: Kapena muyambe mwaiyesa ngati sewero la pa wailesi. Kumeneko basi yakale ndi phokoso chabe, nkhondo ya ku Tete ndi kulira kwa mfuti chapatali. Mukaona kuti anthu akuitsatira, mudzakhala ndi chopita nacho kwa opereka ndalama.

Che Jafali: Za wailesi sindinaziganizepo, koma mtima wanga uli pa chithunzi, ndine munthu wa kamera. Ndiyamba ndalemba kaye script, za basi tidzaona. Mkulu uja ndimulowetsa.

Mphatso: Kafukufuku mudzachite msanga. Amene anayenda maulendo amenewo ndi okalamba kwambiri tsopano. Ku Bangwe ndi ku Ndirande alipo amene anagwirako ku migodi, ena mumawamva pa nkhani akudandaula za ndalama zawo za TEBA, bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela. Tengani rekoda.

Yamikani: Funso lomaliza achemwali. Logline tizilemba m'Chichewa kapena m'Chingerezi? Mafomu a mipikisano ndi a thandizo onse amafuna Chingerezi.

Chikondi: Pano tumizani m'chinenero chimene filimuyo idzayankhule. Ikagwira m'Chichewa, tidzathandizana kuitembenuza nthawi ya fomu ikafika. Sabata yamawa a Yamikani ndi a Thoko abweretsa zokonzedwa, ndipo pali malo a anthu awiri atsopano. A Gift, mwakhala mukuweruza anzanu kuyambira Januwale, limodzi mwa malo awiriwo ndi lanu.

Gift: Yanga ikadapsa.

Tadala: Ibwere yaiwisi yomweyo aise. Ndasunga kale zigawenga za ku Mbayani zija, zikusowa filimu yolowamo.

Gift: Nditumiza Lachiwiri usiku. Koma a Tadala asayankhe oyamba.